Kompyuta Yozima ya Amayi Lungu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga. Ankaimba kwaya imodzi ndi mkazi wa a Zulu, mwini kashopu kokonza makompyuta pamsika wa Chongwe. Ndinali nditangomaliza kosi, ndikudziona ngati injiniya. A Zulu anandipatsa sikuludilaiva, burashi ndi kampando kogwedera. M'dilowa ya zida ankasungamo chubu cha mankhwala otsukira mano, ine n'kumati bambo awa koma ndi aukhondo.

Lachinayi lina mu Okutobala, a Zulu atapita ku Lusaka, kunabwera amayi Lungu, mphunzitsi wa ku Bundabunda amene ankawonjezera maphunziro ku Chalimbana. Anabweretsa kompyuta ya patebulo atayikulunga m'chitenje. Inkati ikayaka, pakapita mphindi ziwiri, n'kuzima yokha. Munali kafukufuku wawo wa chaka chathunthu, woti akapereke mawa lake, ndipo analibe kwina kumene anamusunga.

Ndinayamba ndi zapafupi. Ndinasintha chingwe cha magetsi, inazimabe. Nditatsegula chivundikiro, mphemvu zinatuluka balala, ina n'kundikwera pamkono. Mazira ake anali mbwee pafani, osakanikirana ndi fumbi. Ndinapita nayo panja, ndinapemerera ndi bulowa, n'kupukuta ramu, timakhadi tokumbukira zimene kompyuta ikuchita. Ndinayesanso pawa sapulai ina, kabokosi kogawa magetsi m'katimo. Inazimabe.

Kunatsala kutentha kwa purosesa, ubongo wa kompyuta. Pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa pamapakidwa phala lapadera lotuwa, lopititsa kutentha kuchitsuloko. Nditamasula chitsulocho ndinapeza zoyera, zouma gwa ngati laimu wakale. Ndinanunkhiza. Linali fungo limene ndimalimva m'mawa uliwonse potsuka mano. Apo ndinatembenuza bokosilo, ndipo kumbuyo kwake kunali sitika ya shopu yathu.

Mphemvu zija ndinaziiwaliratu, chifukwa izi zinandinyansa kuposa. Amayi Lungu ananena kuti a Zulu anawakonzera miyezi itatu yapitayo, ndipo anawalangiza kuti ikadzavutanso angoisiya pashopu n'kugula ina. Anandiyang'ana nkhope n'kufunsa:

"Mwana wanga, wapeza chani? Osanibisa."

Ndinaganiza za azakhali anga ndi kwaya yawo. Kenako ndinangowapatsa chitsulocho kuti anunkhize okha. Anangokhala pansi.

Ndinapala zoumazo ndi kakhadi kapulasitiki, ndinapukuta ndi spiriti, n'kukapempha phala lenileni kwa mnzanga wa shopu ina. Kadontho kamodzi basi. Tinayatsa, tonse maso ali pawotchi. Mphindi ziwiri zinadutsa, khumi, theka la ola, osazima. Ndinakopera kafukufuku uja pafulashi, ndipo amayiwo anaimanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri.

A Zulu atabwera ndinawaikira zopalidwa zija patebulo. Sanachite ngakhale manyazi.

"Iwe, vonse ni vopaka chabe. Wabauzila chani? Manje azabwelako bwanji futi?"

Ndinasiya ntchito mwezi usanathe, ndipo azakhali anakhala nthawi osandilankhula. Lero ndili ndi tebulo langa ku Silverest. Makina alionse ndimatsegula mwiniwake akuona, ndipo chubu cha phala ndimamupatsa awerenge yekha ndisanapake. Ena amaseka akandiona ndikununkhiza purosesa. Ndimangowasiya, iwo sanaone nkhope ya amayi Lungu tsiku lija.