Waya wa pamtumbira wa Yosefe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene ndinaba kumanda. Masiku ano anthu akaona mbalame ndi zidole zimene ndimapanga ndi zitsulo zotayidwa kuno ku Limbe, amandifunsa amene anandiphunzitsa. Ndimangoseka, poti yankho lake si loyankha uli chiimire.

Kwathu, kuseri kwa Nguludi, mnyamata aliyense anali ndi galimoto yake yamawaya. Ine galimoto zinkanditopetsa. Ndinkafuna munthu wapanjinga, woti ukamamukankha ndi bango miyendo yake izipalasa yokha. Vuto linali waya. Wamumpanda anali wolimba kwambiri, masipoko ankathyoka ukawapinda kawiri, ndipo dzala lililonse anzanga anali atalipalasa kale ngati nkhuku.

Zaka zimenezo maliro sankatha m'mudzi. Mmodzi mwa amene tinataya anali Yosefe, mnyamata amene ankanyamula odwala panjinga yake kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Khosi lake linali lopendekera kumanzere chibadwire, ndipo njinga yake inkalira kwii, kwii, moti tinkamudziwa asanatulukire. Achibale ake a m'tauni anabweretsa nkhata yaikulu ya maluwa apulasitiki. Ana sitinkaloledwa kufika kumanda, koma nkhatayo ndinaiona itatsamira khoma pasiwa. Anthu akulira, ine wopanda manyazi maso anali pa waya amene anali kunsi kwa maluwawo.

Patapita masabata atatu ndinalowa kumanda dzuwa lili paliwombo, anthu ali kumadimba. Ndinkadziwa bwino kuti kumanda salowako munthu popanda chilolezo cha akuluakulu. Kunja kunkatentha, koma pansi pa mitengo ija kunali kuzizira ngati mumtsuko. Nyenje zimene zinkasokosa kunjira zinangoti zii. Ndinasolola nkhata pamtanda, maluwa ndinawakwirira m'masamba, kenako ndinaliyatsa liwiro.

Wayayo anali wofewa bwino, womvera chala. M'masiku awiri ndinapinda mateyala, chishalo, mahandulo ndi munthu wake, n'kumanga zonse ndi malegeni. Khosi lokha ndilo linakana. Ndikaliwongola linkabwerera kumanzere. Ndinalimenya ndi mwala, linabwereranso. Lero ndikudziwa kuti waya amene wakhalitsa ali wozungulira safulumira kuwongoka, koma tsiku limenelo thupi lonse linachita tsemwe. Nditakakankha kanjingako pabwalo, kanalira kwii, kwii.

Mwana wanzeru akanakaponya m'chimbudzi. Ine kunyada kunandikulira. Ndinayenda nako mudzi wonse, anzanga akunditsatira pambuyo, mpaka tinadutsa pakhomo pa amake Yosefe. Iwo anali kupeta mphale. Atamva kulira kuja lichero linawapulumuka.

"Yosefe!" anaitana, asanatembenuke n'komwe.

Anzanga anabalalika. Mayiwo anabwera, anagwada pafumbi, nayang'anitsitsa kamunthu kopendeka khosi kaja.

"Iwe Petulo, waya ameneyu wamutenga kuti?"

"Ku Namitambo, amayi, kuseri kwa galaja."

Anangokhudza kamutu kaja ndi chala chimodzi.

Sabata yomweyo adzukulu anapita kukakumba manda ena, ndipo anapeza mtanda wa Yosefe ulibe nkhata. Nkhani inayenda msanga kuposa njinga. Ankati afiti amudzutsa, amusandutsa ndondocha, ndipo akumugwiritsa ntchito m'munda mwa wina. Ena anawonjezera kuti n'chifukwa chake waonekera m'manja mwa mwana, akufuna thandizo. Amake Yosefe anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde atayang'ana kumitengo ya kumanda. Amayi anga ankawapititsira phala, n'kubwera nalo osakhudzidwa.

"Akuti mwana wawo anatopa ali moyo," amayi anauza abambo ine ndikumva. "Ndiye afe, azikagwirabe ntchito? Mayi aja sitikhala nawo."

Kanjinga ndinakabisa pansi pa nkhokwe. Ndinkaopa chikwapu, ndinkaopa akuluakulu, ndinkaopanso Yosefe mwiniwake. Koma pofika tsiku lachisanu ndinaona mayi aja akulephera kukweza kapu yamadzi, ndipo mantha ena onse anachepa. Ndinakatenga kanjingako n'kukakaika pamapazi pawo.

"Amayi, nkhata ija ndi iyi. Ndinaitenga ndine."

Anakatembenuza pang'onopang'ono. Kunsi kwa chishalo kunatsalira kapepala kobiriwira kamene amakulungira waya wa maluwa. Anakakanda ndi chikhadabo nthawi yaitali.

"Ndiye palibe amene anamudzutsa?"

"Palibe, amayi."

"Wagona ndithu?"

"Wagona."

Analira, koma kulira kwake kunali kosiyana ndi kwa pasiwa paja. Atatha anapukuta nkhope ndi chitenje, nati, "Kauze amako abwere nalo phala lija."

Chikwapu cha abambo ndinachilandira, ndipo chinandiyenera. M'mawa mwake akuluakulu analola kuti ine ndi amake Yosefe tilowe kumanda, ndipo adzukulu awiri anatitsogolera. Ndinkaganiza kuti andiuza ndimasule kanjinga ndipindenso nkhata. Amake Yosefe anakana.

"Maluwa apulasitiki sankawadziwa ameneyu. Njinga ndiyo yake. Muikire."

Ndinakaimika pamtumbira n'kukatsamiritsa kumtanda. Tinatembenuka kuti tizipita. Kunalibe mphepo, tsamba ngakhale limodzi silinagwedezeke. Titayenda mapazi ochepa, kumbuyo kwathu kunamveka kwii, kamodzi kokha. Mwina dothi linatitimira, teyala n'kusuntha, sindikudziwa. Ndinayamba kupotoza khosi, koma mayi aja anandigwira pankhongo ndi dzanja lawo lowonda.

"Usacheuke. Msiye azipita."

Papita zaka zambiri, ndipo m'manja mwanga mwadutsa masipuling'i a mabedi, matcheni, malata ndi zikwakwa zakutha. Anzanga pantchitoyi amati chitsulo chotayidwa chilibe mwini. Ine ndinaphunzira ndili mwana kuti chilichonse chinakhalapo cha munthu, ndipo pena munthuyo pali amene akumulirabe. N'chifukwa chake sindipinda waya ndisanafunse kumene wachokera. Ndipo akakana kuwongoka, sindimumenyanso ndi mwala. Ndimamusiya apendeke momwe akufunira.