Malo Anga pa Chingwe cha Khoka

Ndinaganiza zochoka ku Liwaladzi chaka chimene a Selemani anapambana uphungu. Kunena zoona, panalibe zambiri zoganiza. Iwo anangoti, "Amidu, ku Lilongwe ndikufuna munthu woti ndikagona m'galimoto ndisamadzidzimuke," ine n'kuvomera ndisanamufunse n'komwe mkazi wanga Asiyatu.

A Selemani tinakulira limodzi, kungoti iwo anali aakulu pang'ono. Tonse tinalimbira manja pa khoka la malemu bambo anga. Koma mnzangayo mutu wake unali wa malonda. Anayamba ndi usipa wouma pa njinga, kenako mpunga wa kilombero, kenako kalole kotha matayala komwe ine ndinaphunzirirapo chiwongolero. Kuchoka apo ukhansala, ndiye uphungu uja. Nditakatsanzika kwa achimwene anga a Yusufu, amene khoka linatsalira m'manja mwawo, anali akusoka ukonde. Sanadzutse mutu.

"Pita," anatero. "Khoka silisamuka."

Ku Lilongwe ndinapatsidwa kachipinda kuseri kwa nyumba ya a Selemani. Anthu amaganiza kuti ntchito ya dalaivala wa munthu wamkulu ndi kuyendetsa galimoto. Ayi ndithu, ndi kudikira. Ndipo phunziro lake ndinalilandira msanga. Tsiku lina ku hotela kunali msonkhano wa amalonda, nthawi ya chakudya ine ndinalowa n'kutenga mbale ngati mmene timachitira pa sadaka kwathu. Bambo wina wa suti anandigwira pachigongono n'kundinong'oneza kuti madalaivala amachita kuitanidwa. Ndinabweza mbale ija anthu akuona. Pobwerera, a Selemani analankhula mofatsa, maso ali pawindo.

"Amidu, kuno si kwathu. Pomwe sunaitanidwe usamalowe. Uzingoima pambali, akakufuna akuuza."

Sanandinyoze, ankanditeteza. Ine ndinamva, ndipo ndinamvetsa mopitirira muyeso.

Nyenyezi yawo inkakwerabe. Anawasankha kukhala wachiwiri kwa nduna, kenako nduna yeniyeni ya zamalonda. Galimoto inasintha, kutsogolo kunabwera kambendera, ndipo iwo anasamukira kumpando wakumbuyo. Anaumirira kuti chiwongolero chikhalebe changa, zimenezo sindidzaiwala. Tinayenda dziko lino. Lero kukatsegulira msika, mawa kuchionetsero cha zamalonda, mkuja kuchipata cha Mchinji kukamva madandaulo a ogula katundu kunja. Shuga akasowa m'masitolo, dzina lotukwanidwa pa wailesi linali lawo. Ine malo onsewo ndimawadziwa ndi mithunzi yake basi. Mundifunse mtengo uti uli ndi mthunzi wabwino masana pa maofesi a boma, ndikuuzani, koma mkati mwa maofesiwo simunaponde phazi langa.

M'galimoto nkhani zinatha pang'onopang'ono. Mafoni awiri ankalira mosinthana, akatonthola iwo n'kugona. Munthu amene tinkatafuna naye chinangwa chachiwisi m'bwato ndinayamba kumuonera pagalasi. Mwezi wa Ramadhani ndinkamasula ndekha m'galimoto, ndi madzi a m'botolo ndi sikono, uku ndikumva kuwomba m'manja kuchokera m'holo. Ndinkasungulumwa kwambiri. Mzinda wodzaza anthu, koma tsiku linkatha osamva munthu akutchula dzina langa kupatula poti, "Amidu, tiye."

Ndalama ndinkatumiza pafoni mwezi ukatha, ndipo Asiyatu anafolera nyumba ndi malata. Iye ankanditumizira utaka wouma ndi ufa wa kondowole pa minibasi. Foni yanga nayo sinkagona, koma oimbawo sankafuna ine. Uyu akuti ndiwauze anduna za chiphaso cha bizinesi yake, uyo akuti mwana wake wamaliza sukulu wangoti phwii pakhomo. Ndinali ngati chitseko, anthu amagogoda koma sacheza nacho. A Yusufu okha sanapemphepo kanthu, komanso sankaimba kawirikawiri. Tikabwera kumudzi kudzachititsa msonkhano ndinkaima pafupi ndi galimoto, n'kuwakwezera dzanja ali patali m'chigulu. Dzuwa lisanapendeke tinali titabwerera.

Za kutha kwa unduna tinazimvera pa wailesi, tili pamsewu. Ankawerenga mayina a nduna zatsopano. Atafika pa zamalonda anatchula munthu wina. Ndinayang'ana pagalasi, a Selemani akuyang'ana mafoni awo, onse awiri ali zii.

"Zimitsa," anatero.

Titafika, kambendera kaja ndinakachotsa ndekha iwo asanandiuze. Pa chisankho chotsatira, uphungu nawo unapita. Tsiku lina m'mawa anabwera okha ku kachipinda kanga, malo amene anali asanapondepo, n'kuima pakhomo.

"Amidu, ndilibenso koti uzindipititsa."

Ndinabwerera ndi matiresi, wailesi ndi nsapato zakuda zopukutidwa bwino. Mwana wanga Halima, amene ndinamusiya akuphunzira kuyenda, anandigwadira patali ngati ndine mlamu wa winawake. Anthu pamsika ankandiseka kuti abwera anduna aang'ono. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi funso limodzi lokha, loti kodi malo anga kuno akadalipo.

M'mawa woyamba ndinatsikira kugombe. Amuna anali atandandalika mizere iwiri, akukoka khoka, nyimbo yake yomwe ija ya nthawi ya bambo. Manja anga anayabwa. Ndinaima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuti achimwene andiitane. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" anatero.

Mayi wina wogula nsomba anandibweretsera mpando wapulasitiki, ine n'kukhala. Khoka litatuluka, onse amene anagwira chingwe anatola ndiwo zawo pamulu monga mwa nthawi zonse. Ine ananditumizira chambo chosankhidwa bwino, m'mbale, chovindikira. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake mpando ndinaupeza ukundidikira kale.

Masabata anapita choncho. Ndinadziuza kuti basi, anthuwa ankandidziwa chifukwa cha anduna, tsopano chitseko chija chilibenso nyumba kuseri kwake. Ngakhale mbale wanga weniweni sakundifuna pa chingwe cha bambo athu. Kusungulumwa kwa ku Lilongwe kunali bwino, chifukwa kumene kuja ndinkadzitonthoza kuti kwathu kulipo. Ndinayamba kufunsira ntchito ya minibasi m'tauni, ndipo tsiku lina masana ndinamuuza Asiyatu kuti ndikubwereranso. Anali akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Anasiya, n'kupukuta manja pachitenje.

"Bambo a Halima, ndikufunseni. Pa mpando paja mumadikira chiyani?"

"Kuti andiitane."

"Akuitaneni?" Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china. "Malemu bambo anu anakuitanani liti pa chingwe? Pa maliro amakuitanani? Woitanidwa ndi mlendo. Alamu anga usiku sakugona, akuti mng'ono wawo akunyansidwa ndi khoka, amangoima poteropo ndi nsapato zake ngati wabwera kudzayendera. Mpandowo amakupatsani chifukwa asowa chochita nanu."

Zaka zonse zija ndinaphunzira kuima pambali mpaka ndinaiwala kuti kwathu ulemu woterowo ndi chipongwe.

Kutacha ndinasiya nsapato pakhomo. Ndinadutsa mpando uja osauyang'ana, n'kugwira chingwe kumbuyo kwa bambo wina amene dzina lake ndinali nditaliiwala. Iye anangosendera kutsogolo pang'ono. Palibe anaomba m'manja, palibe anatembenuka, nyimbo sinaduke. Patapita kanthawi ndinamva mawu a achimwene kuchokera kumzere winawo.

"Iwe Amidu, koka ndi msana. Si chiwongolero chimenecho."

Anthu anaseka, ine misozi ili m'maso, ndikunamizira mphepo. Tsiku limenelo m'manja munatuluka matuza, ndipo palibe ananditumizira mbale. Ndinatola ndekha pamulu tinsomba tosakaniza, n'kupita nato kwa Asiyatu.

A Selemani nawo anabwerera. Ali ndi nyumba ya mpanda kufupi ndi msewu waukulu, geti lake lomwe kale pankakhala mzere wa anthu, pano mbuzi zimagonapo. Mwezi wathawu, m'mawa wina tikukoka, ndinawaona akutsika kugombe wapansi, okhaokha. Aonda, ndipo imvi zawadzaza. Anafika pamalo pomwe ndinkaima ine paja, n'kuima, manja kumbuyo. Maso awo sanali pa nsomba. Anali pa chingwe.

Ndinafuna kufuula dzina lawo. Koma ndinadziwa kuti ndikangowaitana ndiye kuti ndawayesa mlendo pamaso pa mudzi wonse. Choncho ndinangosendera kutsogolo, n'kusiya malo a munthu mmodzi kumbuyo kwanga, poti awaone. Anawaona. Ndikutsimikiza kuti anawaona, chifukwa phazi lawo linasuntha.

Nthawi yomweyo mayi uja anafika ndi mpando, n'kuupukuta ndi chitenje chake.

"Khalani apa, olemekezeka."

A Selemani anathokoza, n'kukhala. Ine ndinakoka mpaka khoka linatuluka, malo aja ali osatsekedwa kumbuyo kwanga.