Duku Loyera la a NyaMoyo

Ndinayamba kuwaona pa maliro a mwamuna wanga, Kingstone. M'nyumba anthu ankaimba, ine maso ali pa zenera. Kuseri kwa khitchini mayi wina wamfupi anali atawerama, akuchapa zofunda zomwe malemu anadwaliramo. Palibe anawatuma. Ankachapa pang'ono, n'kuima kugwira msana, n'kuweramanso.

Dzina lawo linali Providence, koma ku Mzimba kuno aliyense ankangoti a NyaMoyo. Ankagulitsa tomato ndi mpiru mumsika wa pa Boma. Kumpingo kwathu anali m'gulu la amayi, ngakhale sankatha kulalikira, ndipo pemphero lawo linkatha ena asanatsinzine bwino. Ntchito yawo inali imene ambiri ankaizemba, yosambitsa mitembo ya amayi. Zala zawo zinali zong'aluka ndi sopo.

Chaka chatha, nyengo ya fumbi, kunamwalira mkazi wina wa ku Mulanje. Anabwera kuno ndi mwamuna wocheka matabwa ku Viphya, yemwe anamusiya kalekale. Mkaziyo ankatcheza kachasu, ndipo analibe mpingo kapena m'bale. A NyaMoyo anandipeza pakhomo, akuchokera ku mapemphero a amayi, yunifolomu ili m'thupi.

"Mama, tiyeni mukandithandize kutembenuza munthu. Ndekha msana ukukana."

"Amayi a gulu akudziwa?"

"Tikadikira msonkhano, anunkha. Valani nsapato."

M'chipindamo munali mphasa, zigubu ndi chitenje chimodzi chothaitha. Tinamusambitsa, a NyaMoyo akung'ung'udza nyimbo. Pakamwa pa malemu panali yasa, ndipo chomangira chibwano chinasowa, chifukwa chitenje chija n'chimene tinamufunditsa. A NyaMoyo anayang'ana uku ndi uku, kenako anavula duku lawo loyera n'kumumanga nalo.

Duku limenelo mayi amalandira pamaso pa abusa atalonjeza, ndipo limalowa m'manda ndi mwini wake yekha.

Nkhani inafika kwa a Esme, wapampando wa gulu. Anati a NyaMoyo avomere pamaso pa amayi onse kuti analakwa, apo ayi yunifolomu aisiye.

"Duku la Ambuye pa chibwano cha wakachasu!" anatero a Esme tsiku la msonkhano. "Mawa mudzampatsanso bulauzi?"

A NyaMoyo anaimirira movutika, atagwira benchi.

"Pepani chomene kuti mwakhumudwa, amama. Koma kunama m'tchalitchi sindingathe. Munthu uja sakanapita kukamwa kuli yasa. Atabweranso wina, ndingamangenso."

Anawaimitsa m'gulu. Kuyambira pamenepo m'tchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi ine amene sindinali wa m'gulu, atavala chitenje wamba. Akamaimba amayi ovala zoyera, milomo yawo inkatsatira popanda mawu. Pakagwa maliro, zinali chimodzimodzi: ankawaitanabe, iwo n'kupita.

Mvula itayamba, msana unawagonjetsa, ndipo mwana wawo Patience anabwera kudzawatenga kuti akakhale naye ku Manyamula. Ndinawaperekeza ku depoti. Titakhala pa thumba la chimanga kudikira galimoto, ndinalimba mtima n'kufunsa ngati za gulu zija zikuwawawabe.

"Zikuwawa, mama. Ndinalowamo ndili mtsikana." Anasisita bondo. "Mbwenu basi, ndatopa. Koma akamwalira wina wopanda wake, inu mupite. Madzi asakhale ozizira, mwamva? Ofunda, ngati osambitsa mwana."