Khadi Losokeredwa M'chikopa

Akazi anga amagulitsa mpunga. Amaugula kwa alimi a ku Kanyenda, amaupunthitsa pa boma, n'kupita nawo ku Lilongwe kawiri pa mwezi. Kale ankabwerako ndalama zili m'chiuno. Chaka china akuba anavulaza mnzawo wa malonda omwewo pa depoti pomulanda ndalama, ndiye ndinawaumiriza kuti azizisiya ku banki asananyamuke, aziyenda ndi khadi lokha. Anavomera monyinyirika, kenako anazolowera.

Khadi lakale litatha nthawi yake, a banki anawapatsa latsopano. Pakona pake panali timizere tokhota. Sitinatisamale. Tsiku lina akugula mafuta ophikira ku Salima, mtsikana wa pa kauntala anangoligunditsa pa makina, makinawo n'kulira, lisiti n'kutuluka. Nambala yachinsinsi sanawafunse.

Sabata yomweyo pa foni pawo panabwera uthenga wa mawu wochokera ku gulu la amayi a mpunga. Unkati kuli akuba oyenda ndi makina m'chikwama, amakutsamira m'minibasi, ndalama n'kuchoka khadi lili m'thumba. Akazi anga anaika khadilo patebulo. Anati ulendo wotsatira adzayenda monga kale, ndalama m'chiuno.

Ndinawatengera ku banki. Mayi wa pa desiki anafotokoza mofatsa kuti makina ayenera kuyandikira kwambiri, kuti ndalama zotuluka mwa njira imeneyi ndi zochepa, ndiponso kuti kuba kotere sikuchitikachitika.

"Mwanawe, unakwerapo minibasi ya ku Salima?" anafunsa akazi anga. "Timakhala anayi pa mpando wa atatu. Kuyandikira koposa pamenepo ndi kuti?"

Mayiyo anangoseka.

Ine ndinali nditamva kuti pepala lonyezimira, longa la m'paketi ya mkaka wa ufa, limatchinga makinawo. Sindikhulupirira chinthu ndisanachiyese. Ndinakulunga khadi kawiri n'kupita nalo ku sitolo ya pomwetsera mafuta. Makina anakhala chete. Nditalivundukula analira, ndipo ndinabwerako ndi sopo amene sitinkamufuna. Akazi anga anakhutira pang'ono, koma pepalalo linang'ambika m'makona pasanathe masiku atatu. Pankafunika kachikwama kolimba.

Pafupi ndi mzikiti wa kumsika pamakhala mkulu wina wosoka nsapato. Ndakhala ndikumudziwa kuyambira ndili mnyamata. Ntchito yake ina ndi yosoka zithumwa: shehe akalemba mawu opatulika pa kapepala n'kukapinda, anthu amabwera nako kwa iye kuti akakute ndi chikopa. Ndinamupatsa khadi lokulunga m'pepala latsopano kuti ayezerepo. Ndinamuuza kuti ndi la mayi a kunyumba, ndipo ndikufuna chikopa cholitetezera kwa anthu oipa pa ulendo. Ndinathera pomwepo. Ndimachepetsa mawu, ndipo tsiku limenelo ndinawachepetsa mopitirira.

Nditapitanso masana anandipatsa kanthu kokongola, kakuda, kosokedwa mbali zonse zinayi, ndi chingwe cha m'khosi.

"Bambo, nanga khadi lidzatulukira pati?"

"Litulukirenji? Munati n'loteteza. Choteteza sachisiyira khomo."

Nditamufotokozera kuti khadi limatulutsidwa nthawi iliyonse pogula, anaseka mpaka kutsokomola. Anati zaka zonsezi sanasokepo chithumwa chokhala ndi pakamwa. Anatenga lezala n'kudula ulusi wa mbali imodzi, koma khadi linakana kutuluka. Zithumwa amazisoka mothina kuti za m'kati zisamasewere, ndipo singano yake yaikulu inali itaboola khadilo m'mphepete, malo atatu.

Mkuluyo anasiya kuseka, n'kudula ulusi wonse mpaka khadi linatuluka. Anapepesa, ine ndinati cholakwa ndi changa. Ulendo unali wa m'mawa mwake, matumba anali atasokedwa kale, ndipo khadi lina silikanatuluka tsiku lomwelo. Ngati ili linali litafa, akazi anga akanayenda ndi ndalama m'manja, ndipo ine sindikanakhala ndi chonena.

Nditafika kunyumba ndinawauza akazi anga zoona zake ndisanakhale n'komwe pansi. Sanakalipe. Anayang'ana mabowowo, anavala nsapato, tinakwera kabaza aliyense wake kupita ku sitolo ija.

Mayi wogulitsa anagunditsa khadi pa makina. Zii. Analitembenuza n'kugunditsanso, sizinasinthe. Kenako analilowetsa pa kabowo ka pansi, makina n'kupempha nambala yachinsinsi. Akazi anga anaphimba ndi dzanja n'kudina. Lisiti linatuluka.

Wogulitsayo anati m'mphepete mwa makhadi atsopanowa mumadutsa kawaya kopyapyala, ndipo singano iyenera kuti inakadula. Anatilangiza kuti tikapemphe lina ku banki.

"Lina la chiyani?" anatero akazi anga. "Ili likufunsa mwini wake lisanatulutse kanthu. Ndimafuna lotere."

Ndinafuna kunena kuti kuboola khadi si njira yoti munthu angalangize mnzake, ndipo kuti tinangochita mwayi kuti singano sinagwere pa kachitsulo ka pa khadipo kamene makina amawerenga. Ndinaona kuti si tsiku lake.

M'mawa ndinawaperekeza ku depoti ndi matumba awo. Patapita masiku awiri anaimba foni ali pa khomo la banki ku Lilongwe. Anati mpunga watha, ndalama asiya m'katimo, akukwera ya masana.