Namwino Amene Amayamba Wafunsa

Mu wodi ya ana obadwa masiku asanakwane muli namwino amene timangowatchula kuti Amayi Sikelo, chifukwa m'mawa uliwonse amalowa atakumbatira sikelo ngati khanda lawo. Ndi aafupi, nsapato zawo zinadyeka mbali imodzi, ndipo unamwino augwira zaka makumi awiri. Asanakukhudze amayamba afunsa: "Pali chimene chipembedzo chanu chimaletsa?" Akuti atangoyamba ntchito anavula mayi wina mpango wakutchalitchi osapempha, mayiyo n'kuthawa ndi mwana wodwala. Kuyambira pamenepo anaphunzira kufunsa.

Wanga anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, kochepa ngati botolo. Ndi mantha ndinalumbira kwa Mulungu kuti ndizisala kudya tsiku lonse mpaka atatuluka m'chipatala. Tsiku lachitatu mkaka unayamba kuuma. Ndikafinyira m'kapu, timadontho tokha. Sikelo inayamba kubwerera m'mbuyo.

Namwino wina anandikalipira: "Mukufuna kupha mwana ndi mapemphero anuwo?" Ndinangotembenukira kukhoma. Lumbiro ndi lumbiro.

Amayi Sikelo anakoka mpando. Kumene ndimapemphera ine iwo sapempherako, koma sanandiseke.

"Mwana wanga, unalonjeza chiyani kwenikweni?"

Ndinawauza.

"Lumbiro lako sindingalimasule, si udindo wanga. Komanso sindikunamiza: ukapitiriza, mwanayu sakwera. Kwanuko amamasula zotere ndani? Ndiwaitane?"

Ndinavomera. Nthawi yoona odwala itakwana, anabwera abusa athu ndi apongozi anga aakazi. Amayi Sikelo anandipempha kaye chilolezo, kenako anawaonetsa khadi la mwana, manambala akutsika. Abusa anati kwathu woyamwitsa sasala, ndipo wina wam'banja akhoza kundisenzera lumbirolo.

Tonse maso kwa apongozi, amene kunyumba sadutsa mbale yovundikira osaisuzumira.

"Mukundiyang'aniranji?" anatero. Kenako anausa moyo. "Chabwino, ndasenza. Koma inu make mwana, muzidya za anthu awiri, ine ndizikhuta ndi maso."

Amayi Sikelo anatulutsa mbale imene anaibisa kale pansi pa tebulo. Ndinadya misozi ikugweramo.

Patatha masabata atatu Amayi Sikelo anamuika mwana pa sikelo, n'kumuchotsa, n'kumuikanso kuti atsimikize.

"Makilo awiri! Longedzani katundu!"

Wodi yonse inawomba m'manja. Apongozi anavina m'khonde, dzanja lina litagwira siketi imene inali itayamba kuwakulira, akufunsa kumene amagulitsa chakudya.

Amayi Sikelo anangopukuta sikelo yawo n'kupita pa bedi lotsatira. Ndikumanga chikwama ndinawamva akufunsa funso lawo lija.