Atelala Amene Analamulidwa Kudya

Inu amene munabatizidwira m'parishi muno, kansalu koyera kamene anakufunditsani kanasokedwa ndi atelala a kuseri kwa tchalitchi. Anakula ali amasiye kwa amalume awo, ndipo kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri: kupalasa makina osokera, ndi kusalawa kanthu m'mawa asanalandire Ukaristia. Mpingo utafewetsa lamulolo, iwo sanafewe. Anali a nthawi ija anthu ankagwada pasimenti, osati zalerozi zoti ulaliki ukatalika aliyense maso pafoni.

Akazi awo atatsogola, ana atabalalikira kutali, amene anabwera kudzakhala nawo ndi matenda a shuga. Mwana wawo wamkazi anatumiza kamakina koyezera, mwiniwake osabwera. M'mawa atelala ankabaya chala, kudontheza magazi, n'kudikira nambala.

"Singano ndinaizolowera kale," ankatero. "Koma kamakinaka ndiko kokha kamandifunsa kuti ndadzuka bwanji."

Mapiritsi ankamwa osadumphitsa. Kudya ayi, mpaka Misa ithe. Komatu mankhwalawo amatsitsa shuga osafunsa ngati m'mimba muli kanthu. Lamulungu lina ali pamzere wokalandira, thukuta linayamba kuyenderera, manja njenjenje, lilime kulemera. Anadzandira n'kukhala pansi.

"Taonani madala, m'mawa uno alawa kale!" ananong'ona mayi wina wa kwaya.

Anamwino ena amene anali pafupi anawamwetsa madzi a shuga, kenako n'kuwayeza. "Bambo, shuga watsikiratu. Mukamamwa mapiritsi osadya, tsiku lina tidzakunyamulani."

Mbiri ya mowa inawanda. Pabenchi lawo anthu anayamba kupalambalala. Chinkawapweteka chinali china, ndipo anapita nacho kwa wansembe.

"Abambo, chiyambire ubwana Ambuye ndimawalandira ndi njala. Ndikasiya, ndidzawapatsanso chiyani? Ndilibetu china."

"Mundimvera, agogo?" anafunsa wansembeyo, amene anali wamng'ono kuposa ana awo. "Nsembe yanu ikhale iyi: muzidya musanabwere."

Anamvera. M'mawa uliwonse, okhaokha pathebulo lodulira nsalu, ankayeza, kumwa piritsi, n'kumameza buledi ngati akumeza miyala. Sanagwenso. Anasoka mpaka maso anakana.

"Kusala kunali kophweka," anauza anamwino aja tsiku lina.

Anamwinowo ndiwo anawapeza kunyumba atatsogola, m'mawa umene benchi lawo linakhala lopanda munthu. Anali pampando, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, korona m'manja, nkhope ili phee ngati akumvetsera belu. Kamakina kanali pambali. M'mbale munalibe ngakhale kanyenyeswa.