Ba Maud ndi Ophunzira Amene Sanawaonepo

Ku msika wa Mtendere, tebulo langa la tomato ndi anyezi linali moyang'anana ndi la Ba Maud Mbewe, amene ankagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja. Anthu ambiri ankawadziwa ngati mayi wamtali wa magalasi, wodziwa kusankha majekete abwino m'belo. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti mayiyo amaphunzitsanso pa yunivesite.

Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo anabadwira konkuno ku Lusaka. Kwa zaka zambiri anali pa kampani ina ya boma, kuphunzitsa makalaliki kalembedwe ka malipoti. Itafika nthawi yogulitsa makampani a boma, yawo inagulidwa, ndipo eni ake atsopano anatseka chipinda chophunzitsira. Amuna awo, Ba Dyton, anali atasiya kale ntchito chifukwa cha msana. Umo ndi momwe Ba Maud anafikira pa msika. Patapita zaka, mayunivesite osakhala a boma atayamba kuchuluka, ina inawatenga kuti aziphunzitsa kalembedwe kwa ophunzira akutali. Mapepala ankabwera pa positi, iwo n'kumachonga ndi cholembera chofiira atakhala pa belo, makasitomala akachepa.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku msonkhano wa aphunzitsi nkhope ili yolemera. Anakhala pansi osamasula ngakhale katundu.

“Ba Virginia,” anandiitana, “vinthu vasintha. Akuti positi yatha. Manje tiziphunzitsa pa intaneti.”

Anandifotokozera zimene mkulu wawo, Ba Chilekwa, ananena. Aliyense wophunzitsa kalembedwe anayenera kuyamba wakhala wophunzira iye mwini pa kosi ya pa intaneti, kulemba ndi kuchongedwa ngati mwana wa sukulu. Akatero, aphunzitse kalasi yeniyeni, mphunzitsi wina akuona zonse zimene akulembera ophunzira. Ndipo chaka chilichonse azibwereranso ku maphunziro, apo ayi kalasi alandidwa. Anzawo ena achikulire anatula pansi ntchito tsiku lomwelo.

“Nanga imwe muzachita bwanji?” ndinawafunsa.

“Kompyuta sininaigwirepo. Koma nizayesa.”

Kunyumba kwawo kompyuta kunalibe. Anapeza kafe ya intaneti ku Kalingalinga, kachipinda kotentha kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Mwini wake anali Ba Cathrine, mayi amene kale anali sekilitale. Masana Ba Maud ankandisiyira tebulo lawo n'kukwera minibasi. Popeza anazolowera taipilaita, ankamenya mabatani mwamphamvu moti ena m'kafemo ankacheuka. Mausi inkawathawa m'manja. Nkhani yoyamba imene analemba inasowa yonse magetsi atazima, iwo asanadziwe kuti chinthu chimafunika kusungidwa. Ba Cathrine anawauza kuti apume, abwere mawa. Iwo anakhala pomwepo mpaka magetsi anabwera, n'kuyambiranso.

Chimene chinawavuta kwambiri sichinali makinawo. Pa kosiyo anauzidwa kulemba za ntchito ina iliyonse imene amaidziwa bwino, n'kuika poti onse awerenge. Iwo analemba za kutsegula belo la salaula: fungo lake, momwe azimayi amaunjikirana, ndi zimene umapeza m'matumba a majekete a anthu akutali. Anatumiza, n'kudikira. Panapita masiku popanda woyankha. Tsiku ndi tsiku ankapita ku Kalingalinga, n'kubwerako chimanjamanja.

“Mwina nalemba vopusa,” anatero. “Anzanga alemba va mabuku, ine salaula. Ukatumiza chinthu kulibe okuyankha, umayamba kuganiza kuti onse akuseka.”

Kenaka tsiku lina anatsika minibasi akuyenda mofulumira, atanyamula pepala limene Ba Cathrine anawasindikizira. Mphunzitsi wa kosiyo, mayi wina wa ku Kenya, anali atayankha, ndipo anapepesa kuti anadwala. Sanayambe ndi zolakwa. Anafunsa kuti chachilendo kwambiri chimene Ba Maud anapezapo m'thumba la jekete n'chiyani, chifukwa nkhaniyo inamusiya akufuna kudziwa. Zokonza zinabwera pambuyo, ziwiri zokha zikuluzikulu. Pansi pake panali mawu a mphunzitsi wina wa ku Ghana amene ankaphunzira nawo kosiyo, wonena kuti mayi ake nawonso amagulitsa zovala zotere. Ba Maud anandiwerengera zonsezo akumasulira m'Chinyanja, kenaka anavula magalasi n'kuyang'ana mulu wa zovala zawo nthawi yaitali.

“Munthu ali ku Ghana aziwa tebulo langa,” anatero motsitsa mawu.

Itakwana nthawi yophunzitsa kalasi yeniyeni, anapatsidwa gulu la anthu apantchito: apolisi, aphunzitsi a pulaimale, makalaliki a m'maboma akutali. Ba Chilekwa ndiwo ankaona zonse. M'gululo munali namwino wina dzina lake Nsama, wa pa kachipatala ka kumudzi ku Luapula. Iye ankapalasa njinga ulendo wautali kukafika pa boma pomwe panali intaneti, koma akafika ankangotumiza mizere iwiri kapena itatu yopanda moyo, yokopera m'buku. Pomaliza analemba kuti akufuna kusiya, chifukwa kulemba si mphatso yake.

Pa kosi paja Ba Maud anaphunzira kuti mphunzitsi angathe kujambula mawu ake n'kutumizira wophunzira. Anali asanayesepo. Anapempha Ba Cathrine kuti awabwereke zomvera za m'makutu zokhala ndi kamaikolofoni, ndipo anadikira owotcherera aja apite kukadya kuti phokoso lichepe. Ba Cathrine anandiuza pambuyo pake kuti m'kafe monse munakhala bata. Ba Maud analankhula pang'onopang'ono m'Chingerezi, ngati munthuyo wakhala pampando wapafupi. Anamuuza Nsama kuti aike buku pambali, alembe za tsiku limodzi la pa ntchito limene saliiwala, momwe angafotokozere mchemwali wake, ndipo za galamala adzaona limodzi pambuyo. Fayiloyo inatenga nthawi yaitali kuti ipite.

Yankho linabwera sabata yotsatira, masamba angapo. Nsama analemba za tsiku limene mtsinje unasefukira n'kudula msewu, mayi wina ali pafupi kuchira ndipo mwana wakhala mopingasa. Ambulansi sikanatha kufika. Analemba momwe anasambira m'manja kawiri chifukwa cha mantha, momwe apongozi a mayiyo anamugwirira mayiyo mapewa, ndi momwe mwanayo anatulukira ali chete, iye n'kumupukuta msana mpaka analira. Malembo ena anali olakwika, ndime zina zosadulidwa bwino. Kumapeto anawonjezera kuti anamvetsera mawu aja mobwerezabwereza, chifukwa chiyambire maphunzirowo anali asanamvepo mawu a mphunzitsi aliyense.

Ba Maud anatiwerengera nkhaniyo pa msika masana, ife azimayi a matebulo oyandikana. Wogulitsa kapenta anasiya kasitomala ataima. Ba Maud atafika pamene mwana analira, mayi wina amene anangobwera kudzagula siketi anakhala pa belo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinali ndisanaganizepo kuti zolemba za pa yunivesite zingakhale zotere, kapena kuti munthu wokhala nafe pafumbi lomweli angatulutse nkhani yotere mwa munthu amene ali kutali choncho.

“Manje muzachonga na bolopeni yofiira?” anafunsa wa kapenta uja.

“Vokonza vilipo,” anayankha Ba Maud. “Koma poyamba nifuna nimufunse ngati mwana ali bwino.”

Ba Chilekwa atamaliza kuona kalasiyo, anawalola kupitiriza, ndipo anapempha kuti mawu anajambula aja azimvetsedwa kwa aphunzitsi atsopano. Ba Maud anavomera, koma anakana kuti nkhani ya Nsama ionetsedwe mwini wake asanalole. Anawauzanso kuti alembe lamulo loti wophunzira asamadikire yankho nthawi yaitali, ndipo mphunzitsi akadwala wina azimugwirira. Lamulolo linalembedwa.

Chaka chilichonse ankabwerera ku maphunziro monga anafunira a yunivesite. Ankadandaula kuti akangozolowera chinthu chimodzi, amabweretsa china, koma sanaphonyepo. Maso atayamba kufooka, Ba Cathrine anawakulitsira zilembo. Ba Dyton atamwalira, mauthenga opepesa anachokera ku Mongu, ku Nakonde, ku Chama, kwa anthu amene sanaonepo nkhope yawo.

Nsama anamaliza maphunziro ake, koma pa tsiku la mwambo wolandira digiri sanabwere ku Lusaka, chifukwa pa chipatala panalibe womusiyira ntchito. Awiriwo sanakumanepo. Ba Maud anaphunzitsa mpaka miyendo inayamba kukana masitepe a minibasi, ndipo atapuma anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Kaunda Square. Nthawi zina ndimapitako Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, n'kuwatengera tomato.